Chifukwa chake injini ya boti imakokera mbali imodzi, ndi mmene mphamvuyo ingachepetsedwere

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu oyendetsa maboti a injini yopachika kumbuyo, kaya ndi asodzi a chilimira ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, kaya ndi onyamula anthu ndi katundu kupita kumagombe kumene misewu siifika. Iwo amati akangowonjezera moto, handulo imayamba kulimbana ndi dzanja, ndipo pofika kumapeto kwa ulendo phewa limakhala likuwawa, mkono utachita dzanzi. Ena amaloza chala mmisiri amene anakhoma botilo, ena amaganiza kuti anawagulitsa injini yakutha, pamene ambiri amangozolowera n'kumati ndi mmene injini zonse zimachitira. Zoona zake n'zakuti kukoka kumeneku kuli ndi gwero lodziwika bwino, ndipo opanga injini monga Yamaha, Mercury, Suzuki ndi Honda amakutchula m'mabuku a malangizo amene amabwera ndi injini zawo. M'Chingerezi kumatchedwa steering torque, kutanthauza mphamvu yochokera ku propela imene imafuna kutembenuza injini yokha popanda woyendetsa kuilamula. Mphamvuyi siingathetsedwe yonse, koma ingachepetsedwe kwambiri, ndipo nthawi zambiri chofunika ndi sipanala ndi kuleza mtima basi.

Chimene chimakoka handulo

Injini yopachika ilibe chiwongolero china chapadera pansi pa madzi. Injini yonse ndiyo imatembenuka pa chitsulo choimirira chimene chili pafupi ndi thabwa lakumbuyo kwa boti, ndipo propela ili kumbuyo kwa chitsulo chimenechi. Choncho mphamvu iliyonse imene ingakankhe propela chammbali imatembenuza injini yonse, ndipo pa injini ya handulo palibe magiya kapena mafuta pakati amene angaiphe mphamvuyo isanafike m'dzanja la munthu. Nthawi zonse handulo imalowera kosiyana ndi kumene boti likukhotera. Boti likamakokera kumanja, handulo imathawira kumanzere, ndipo aliyense wofuna kukonza vutoli ayenera kuyamba wagwirizana ndi mnzake kuti akamati "ikukokera kumanja" akunena za boti, osati za handulo. Mu nkhani ino, kumanja ndi kumanzere ndi kwa munthu amene wayang'ana kutsogolo kwa boti.

Mapropela a injini zambiri amazungulira monga mivi ya wotchi, munthu akamayang'ana ataima kumbuyo kwa boti giya ili yopita kutsogolo. Kuzungulira kumeneku kumabala zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kupendekeka kwa boti lenilenilo: pamene propela ikupotoza madzi kulowera kumanja, boti limapotozedwa kulowera kumanzere. Mphamvu yake si yochepa ayi. Injini ya mahosipawa 40 imene ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi, magiya ake n'kumazungulitsa propela kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse kwa injini, imapereka pa propela mphamvu yopotoza yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 11 atapachikidwa kunsonga ya mtengo wotalika mita imodzi. Pa boti lolemera la matabwa zimenezi sizioneka kwenikweni, koma kaboti kopepuka kamaonekeratu kuti kagonera kumanzere. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene woyendetsa amakhalira kumanja n'kugwira handulo ndi dzanja lamanzere, popeza thupi lake limathandiza kuwongola botilo.

Chachiwiri, chomwe ndi mwini nkhani, ndi kusiyana kwa ntchito imene mapiko a propela amagwira pozungulira. Phiko lililonse limatsika mbali ya kumanja n'kukwera mbali ya kumanzere. Shafuti ya propela, chitsulo chimene chimazungulitsa propelayo, ikakhala kuti yalunjika ndendende mmene madzi akudutsira, phiko lotsika ndi lokwera amaluma madzi mofanana, ndipo injini siikokera kulikonse. Shafutiyo ikangopendekeka pang'ono, mbali imodzi imayamba kuluma madzi ambiri kuposa inzake. Aliyense amene anapalasapo bwato amadziwa kuti nkhafi ikamagwira madzi mbali imodzi yokha, bwato limakhota ngakhale wopalasayo asakufuna. Propela yopendekeka imachita chimodzimodzi, kungoti chimene imakhotetsa poyamba ndi injini, ndipo injiniyo ndiyo imakhotetsa boti.

Kupendekeka kwa mwendo wa injini

Pa chitsulo chimene chimamangirira injini ku boti pamakhala mabowo anayi kapena asanu ondondozana, ndipo pini imene imalowa m'bowo limodzi ndiyo imalamula mmene mwendo wa injini, gawo lalitali lija lotsikira m'madzi, uimire. Pini ikakhala m'bowo loyandikira boti, mwendo umapindikira mkati, kumbuyo kwa boti kumanyamuka ndipo mutu wake umazika m'madzi. Pamenepa phiko lotsika, la kumanja lija, ndilo limaluma kwambiri, ndipo boti limakokera kumanja. Pini ikakhala m'bowo lakutali, mwendo umatulukira kunja, mutu wa boti umadzuka, phiko lokwera la kumanzere limayamba kuluma kwambiri, ndipo boti limakokera kumanzere. Pakati pa malo awiriwa pali poimira pamene shafuti imakhala yolingana ndi mayendedwe a madzi, ndipo pamenepo handulo imapepuka yokha.

Apa ndi pamene munthu ayenera kuyambira, asanakhudze china chilichonse, chifukwa pini yolakwika imawononga zambiri osati phewa lokha. Boti limene mutu wake wazika limakankha madzi ochuluka, limamwa mafuta ambiri, ndipo likakumana ndi funde chammbali limatha kukhota mwadzidzidzi. Limene mutu wake wadzuka kwambiri limadumphadumpha, ndipo propela imayamba kumeza mpweya. Chovuta kwa ogwira ntchito pa nyanja n'chakuti kaimidwe ka boti m'madzi sikamakhala kamodzi tsiku lonse. Boti limene lanyamuka madzulo lili ndi khoka louma, mafuta ndi anthu okha silikhala mofanana ndi limene likubwerera m'mawa khoka litanyowa, usipa utadzaza pakati. Bowo limene linali labwino popita likhoza kukhala lolakwika pobwera. Sikuti munthu azisuntha pini pa ulendo uliwonse, ndipo n'zoopsa kuisuntha injini ikulira, koma ndi bwino kusankha bowo molingana ndi katundu amene botilo limanyamula nthawi zambiri, kenako n'kumasanja katunduyo kuti boti likhale mofanana ndi tsiku limene anasankha bowolo. Kusuntha thumba limodzi la simenti kapena anthu awiri kupita kutsogolo kapena kumbuyo kumasintha kukoka kwa handulo mwa njira imene dzanja limamva pompopompo.

Msinkhu umene injini yapachikidwa

Pamwamba penipeni pa propela pali chitsulo chathyathyathya chimene ntchito yake ndi kutchinga mpweya kuti usatsikire ku propela. Pa injini zing'onozing'ono ndi zapakati, malangizo a Yamaha amati chitsulochi chikhale molingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo osapitirira mamilimita 25. Opanga injini amagulitsa miyendo yosiyana kutalika, waufupi wa thabwa lakumbuyo la mainchesi 15 ndi wautali wa mainchesi 20, n'cholinga choti muyeso umenewu utheke. Maboti okhomedwa pamanja sakhala ndi thabwa la muyeso umodzi, ndipo injini imatha kuchotsedwa pa boti lina n'kukapachikidwa pa lina popanda woyeza, choncho vuto la msinkhu si lachilendo.

Injini ikakwera kwambiri, mapiko amatulukira pafupi ndi pamwamba pa madzi pamene afika kumwamba, n'kumaluma madzi enieni pokhapokha akakhala pansi. Phiko la pansi limayenda kulowera kumanzere, motero limakankhira propela kumanja, ndipo boti limakokera kumanja mwamphamvu. Injini ikatsika kwambiri, mwendo umakoka madzi ambiri, liwiro limatsika ndipo madzi amathovokera m'boti. Kuyeza kwake n'kosavuta: boti likakhala pamtunda, munthu amagoneka thabwa lowongoka pansi pa boti kuti litulukire kumbuyo, n'kuona pamene chitsulo chathyathyathya chija chagwera. Ndi bwinonso kuyeza ngati injini ili pakati penipeni pa thabwa lakumbuyo ndiponso ngati yaima chilili, pakuti injini yopachikidwa chammbali kapena mopendama imakhotetsa boti ngakhale zina zonse zili bwino.

Kachipsepse kakang'ono kamene ambiri sakadziwa ntchito

Pansi pa chitsulo chathyathyathya chija, chakumbuyo pang'ono kwa propela, injini zambiri zapakati ndi zikuluzikulu zili ndi kachitsulo kooneka ngati chipsepse cha nsomba, komangidwa ndi bawuti limodzi. Dzina lake ndi trim tab. Kachipsepse kameneka ndi kamene opanga injini anaikira dala kuti kalimbane ndi kukoka kwa propela, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa injini zambiri zogwira ntchito kamapezeka katathyoka, katadyeka, kapena kali pamalo pomwe kanali tsiku logula.

Lamulo losinthira kachipsepseka limadabwitsa anthu ambiri chifukwa limaoneka ngati lotembenuka. Boti likamakokera kumanja, nsonga yakumbuyo ya kachipsepse imasunthidwira kumanja komweko, ndipo likamakokera kumanzere, nsongayo imapita kumanzere. Chifukwa chake n'chakuti kachipsepse sikawongolera boti, kamawongolera injini. Nsonga yake ikaloza kumanja, madzi othamanga ochokera ku propela amakamenya n'kukankhira kumbuyo kwa injini kumanzere, ndipo injini ikatembenukira kumeneko imabweza boti kuchoka kumanja kumene limathawira. Amene amasuntha kachipsepse poganiza kuti n'chiwongolero cha boti amakalozetsa kolakwika, kukoka kumawonjezeka, ndipo amagamula kuti kachitsuloko n'kopanda ntchito.

Kakonzedwe kake kamafuna tsiku la bata, osati nthawi ya mwera pamene mphepo ndi mafunde zikukankha boti mwa izo zokha. Munthu amakweza katundu wa masiku onse, n'kuyendetsa boti pa liwiro limene amayendera nthawi zambiri, kenako amakhotera kumanja ndi kumanzere kuti amve kumene boti likukhotera mosavuta. Ndi bwino kuyesa popita ndi pobwera pa njira yomweyo, kuti ngati pali kamphepo kasanamize. Kumasula pang'ono zala pa handulo n'kokwanira kuti munthu amve kumene ikulowera, ndipo kuisiyiratu n'kosafunika ngakhale pang'ono. Akabwerera kugombe amazimitsa injini, amalemba kachizindikiro pamene kachipsepse kanali, amamasula bawuti, amasuntha pang'ono chabe, amamanganso molimba, n'kukayesanso. Kusuntha kwakukulu kamodzi n'kamodzi kumangosamutsa vuto kuchoka mbali ina kupita ina. Bawuti losamangitsa limagwetsa kachipsepse m'madzi, kapena kukatembenuza mpaka kukhudzana ndi mapiko a propela.

Kachipsepse kali ndi malire ake. Mphamvu yake imadalira kuthamanga kwa madzi amene akukamenya, choncho kamagwira bwino ntchito pa liwiro limodzi ndi kapendekedwe kamodzi ka injini. Kakakonzedwa kuti handulo ipepuke pa liwiro la ulendo wautali, munthu adzamvabe kukoka ponyamuka kapena pokoka khoka pang'onopang'ono ndi moto wambiri. Malangizo a Mercury amachenjezanso kuti chitsulo chathyathyathya chikakwera mamilimita 50 kapena kuposerapo pamwamba pa pansi pa boti, kachipsepse sikathandiza kwenikweni, chifukwa kamakhala katatuluka m'madzi olimba. N'chifukwa chake kusintha kachipsepse musanakonze msinkhu ndi pini ndi kutaya nthawi. Injini zina zazing'ono kwambiri zilibe n'komwe kachipsepse kosunthika, ndipo pa izo chimene chatsala ndi pini, msinkhu, katundu ndi propela.

Pa injini zambiri kachitsulo komweka kali ndi ntchito yachiwiri. Kamapangidwa ndi chitsulo chimene chimadyeka msanga kuposa cha mwendo wa injini, kuti kazidyeka ikoko m'malo mwa mwendowo. Chifukwa cha ichi sikayenera kupakidwa penti, pakuti penti imakatchinga kuti kasagwire ntchitoyo. M'madzi amchere, monga a ku Beira kapena Nacala, kamadyeka msanga kuposa m'madzi a nyanja ya Malawi, ndipo kakadyeka mpaka kutaya maonekedwe ake handulo imayamba kukoka pang'onopang'ono mwini wake osazindikira chimene chasintha.

Propela ndi ziwalo zina za m'madzi

Pa propela pamadindidwa manambala awiri, mwachitsanzo 11 ndi 13. Yoyamba ndi kukula kwa propela m'mainchesi, pamene yachiwiri, imene amaitcha pitch, ndi mtunda umene propelayo ikanayenda pa kuzungulira kumodzi ikanakhala kuti siikuterereka m'madzi. Propela ya pitch yaikulu imaluma madzi ambiri ndipo kukoka kwake pa handulo kumakhalanso kwakukulu. Boti lolemera limene laikidwa propela yotere limalemetsa injini, moti imalephera kufika pa liwiro la kuzungulira limene wopanga anailembera, lomwe pa injini zambiri za Yamaha za mtundu wa Enduro ndi pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Kutsitsa pitch kumapepuza injini ndi dzanja lomwe.

Kukoka kukayamba mwadzidzidzi pa boti limene dzulo linali bwino, wolakwa sakhala pini kapena kachipsepse. Nthawi zambiri ndi phiko la propela limene lagunda mwala, kapena chitsulo chosongoka cha pansi penipeni pa mwendo chimene chapindika pokwekweza injini mumchenga. Chitsulo chimenechi chikapindika ngakhale pang'ono chimasanduka chiwongolero chokhazikika mbali imodzi, ndipo kachipsepse sikangachigonjetse. Ulusi wa khoka kapena wa mbedza ukakulungika kuseri kwa propela umadya labala yotchinga madzi, choncho pochotsa propela kuti aione ndi bwino kuyang'ananso pamenepo.

Sikuluwu yolimbitsa handulo

Pafupi ndi chitsulo chimene injini imatembenukirapo pali sikuluwu kapena kachogwirira kamene kamalimbitsa kapena kufewetsa katembenukidwe ka injini. Anthu ambiri amathamangira pamenepa, ndipo n'zomveka, popeza ukangomanga dzanja limapuma nthawi yomweyo. Koma sikuluwuyi siichepetsa mphamvu ya propela, imangoibisa. Ntchito yake yeniyeni ndi yoti handulo isagwere mbali imodzi mwamsanga dzanja likaterereka, ndipo iyenera kumangidwa mokwanira kuchita zimenezo basi. Ikamangidwa mopitirira, woyendetsa amalephera kukhota msanga pamene bwato la mnzake kapena munthu wosambira watulukira kutsogolo, ndiponso samva kusintha kwa kukoka kumene kukanamuuza kuti propela yawonongeka. Kumanga handulo ndi chingwe kuti manja agwire ntchito zina kuli ndi vuto lomwelo, koma mokulirapo.

Palinso kulimba kwina kumene sikuchokera ku propela. Handulo ikamavuta kutembenuza mbali zonse ziwiri ngakhale injini itazima, ndiye kuti girizi wauma kapena dzimbiri lagwira m'chitsulo chotembenukirapo, ndipo mankhwala ake ndi kupopera girizi m'timabowo take, kumene malangizo a injini zambiri amati kuchitike pa maola 100 aliwonse. Kukoka kwa propela kumakhala kwa mbali imodzi ndipo kumakula moto ukamawonjezedwa. Kutalikitsa handulo ndi paipi kumachepetsadi mphamvu imene mkono umagwiritsa ntchito, koma kumachititsanso kuti woyendetsa aziimirira kutali ndi pozimitsira injini, pamalo pamene funde limodzi lingamugwetse.

Injini zikuluzikulu

Mphamvu ya injini ikamakula, kukoka kumakulanso, mpaka pamafika poti kachipsepse ndi mkono wa munthu sizikwanira. Kumpoto kwa America, kumene asodzi ena amakonda kuyendetsa ndi handulo injini zoposa mahosipawa 100, makampani amagulitsa mahandulo othandizidwa ndi mafuta a hayidiroliki amene amagwira injini pamalo amodzi mpaka woyendetsa atakankha yekha. Maboti a injini ziwiri zazikulu amaikidwa ina ya propela yozungulira kumanja ndi ina yozungulira kumanzere, kuti kukoka kwa imodzi kuphe kwa inzake. Njira zimenezi n'zodula, ndipo pa injini za mahosipawa 15, 25 kapena 40 sizifunika ngati pini, msinkhu, propela ndi kachipsepse zakonzedwa bwino.

Chimene chimachitika dzanja likachoka

Kuwawa kwa phewa si ndiye kuopsa kwakukulu kwa nkhaniyi. Woyendetsa akagwera m'madzi injini ili pa moto wambiri, kukoka kuja kumagwetsera injini mbali imodzi mpaka kumapeto, ndipo boti lopanda munthu limayamba kuzungulira pamalo amodzi, n'kumadutsa mobwerezabwereza pomwe munthuyo wagwera, propela ikuzungulira. Kukhota kwadzidzidzi komweko kumatha kugwetsanso ena amene anatsala m'boti. Mu May 2013, pafupi ndi Padstow ku England, banja la anthu 6 linagwera m'madzi kuchoka m'boti lothamanga, ndipo botilo linapitiriza kuzungulira n'kupha bambo ndi mwana wake wamkazi, ena n'kuvulala modetsa nkhawa. Botilo linali la chiwongolero osati handulo, koma ofufuza ngozi anapeza kuti chingwe chozimitsira injini sichinali chomangidwa pa woyendetsa. Ku United States, kuyambira pa 1 April 2021, lamulo limakakamiza oyendetsa maboti ambiri achisangalalo osafika mafiti 26 kuvala chingwe chimenechi pamene boti likuthamanga.

Chingwechi, chimene nthawi zambiri chimakhala chofiira ndi chopotanapotana, chili ndi kapulasitiki kamene kamalowa pansi pa batani lozimitsira, ndipo kakasololoka injini imazima nthawi yomweyo. Popeza kukoka kwa propela kumasintha ndi liwiro, katundu ndi mafunde, palibe kakonzedwe kamene kangatsimikizire kuti handulo yosiyidwa idzakhala pakati, choncho chingwechi chimafunika ngakhale pa injini yokonzedwa bwino kwambiri. Chimamangidwa pa mwendo wa woyendetsa kapena pa jekete yake yoyandamitsa, pamalo pamene sichingavuke, osati kuzengezedwa pa handulo pomwepo. Kapulasitiki kakatayika, kulowetsa waya kapena kamtengo m'malo mwake kumathandizadi kuti injini ilire koma kumachotsa chitetezo chonse. Dzuwa limafooketsa chingwechi mpaka chimatha kuduka m'malo mosolola kapulasitiki, motero chikayamba kutuwa kapena kutaya kupotana kwake chiyenera kusinthidwa. Kuchiyesa kumatenga kamphindi kochepa boti lisanachoke pagombe: injini ikulira pang'onopang'ono giya isanalowe, munthu amakoka chingwecho n'kuona ngati injini yazima, ndipo m'boti muzikhala kapulasitiki kena kapadera kuti otsalamo athe kulizanso injini n'kubwerera kukatenga amene wagwera m'madzi.